Mabvuto a giyabokosi ya otomatiki m'galimoto za vaneti ndi njira zoisinthira

Galimoto zonyamula katundu kumbuyo, zimene ambiri amazicha vaneti kapena pikiapu, ndizo zimasenza nchito yaikulu ya alimi, amalonda ndi mabungwe m'dziko muno. Zambiri mwa izo, monga Toyota Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max, zimapezekanso ndi giyabokosi ya otomatiki, imene imasintha magiya payokha popanda woyendetsa kuponda kilachi.

Giyabokosi imeneyi ndi cimodzi mwa zipangizo zodula koposa m'galimoto. Koma kawirikawiri siifa mwadzidzidzi. Imayamba yaonetsa zizindikiro, ndipo mwini galimoto amene wazizindikira msanga amataya ndalama zocepa poyerekeza ndi amene wadikira kufikira galimoto itamuimira pamsewu ili ndi katundu.

Mmene imagwirira nchito

Pakati pa injini ndi giyabokosi pali cipangizo cochedwa torque converter, cimene cimapereka mphamvu ya injini kudzera m'mafuta. Mkati mwa giyabokosi muli magiya ozungulirana ndiponso timbale ta kilachi tambiri tomizidwa m'mafuta. Pampu imakankhira mafutawo ku valve body, cigawo cokhala ndi tinjira ting'onoting'ono, ndipo ma solenoid, amene ali ngati timipopi totsegulidwa ndi magetsi, amawatumiza ku kilachi yofunika panthawiyo. Kompyuta ndiyo imalamulira zonsezi itawerenga liwiro la galimoto ndi kulemera kwa nchito ya injini.

Motero mafuta a giyabokosi, ochedwa ATF, ali ndi nchito zitatu: kupereka mphamvu, kufewetsa zitsulo kuti zisadyane, ndi kucotsa kutentha. Mafutawa akaonongeka, nchito zitatu zonsezi zimaonongekera pamodzi.

Zimene zimabweretsa mabvuto

Mdani wamkulu ndi kutentha. Mafuta a ATF amagwira bwino nchito pa madigiri 80 mpaka 95, koma akapitirira madigiri 120 amayamba kupsa msanga, mphira zotsekera mafuta zimauma, ndipo timbale ta kilachi timanyenyeka. Izi zimacitika makamaka galimoto ikadzazidwa katundu kupitirira muyezo wake, ikamakoka ngolo yolemera, kapena ikamalimbana kutuluka m'matope ndi mumcenga. Vaneti yodzaza matumba a cimanga kapena feteleza, yokwera zitunda za Manenekera pamsewu wa Great East kapena za Kapiri Ngozi pamsewu wa ku Chirundu m'mwezi wa Okutobala, imakhala pa ciyeso cotere.

Bvuto laciwiri ndi mafuta olakwika kapena acinyengo. Giyabokosi iriyonse ili ndi mtundu wake. Ya 6R80 ya magiya asanu ndi limodzi, imene ili mu Ford Ranger ya injini ya malita 3.2, imafuna Mercon LV. Ya 10R80 ya magiya khumi, imene Ford inapanga mogwirizana ndi General Motors, imafuna Mercon ULV. Ya Hilux ya magiya asanu ndi limodzi, imene inayamba mu 2015, imafuna Toyota ATF WS. Kuthira mafuta aliwonse cifukwa cakuti ndi ofiira kungaononge giyabokosi yabwinobwino.

Lacitatu ndi madzi. Giyabokosi ili ndi kapaipi kopumira, ndipo galimoto ikaoloka madzi akuya m'nyengo ya dzinja madzi angalowere pamenepo. Angalowenso ngati cozizira mafuta ca mu rediyeta caboka. Madzi amamatula timbale ta kilachi, ndipo mafuta amaoneka ngati asakanizidwa ndi mkaka.

Lacinai ndi magetsi. Sensa yoyeza liwiro, solenoid kapena waya woduka angacititse giyabokosi kuoneka ngati yafa pamene zitsulo zake zili bwino. Mu Febuluwale 2019, kampani ya Ford inaitanitsa galimoto za F-150 pafupifupi 1.48 miliyoni za zaka za 2011 mpaka 2013 ku North America, cifukwa uthenga wocokera ku sensa yoyeza liwiro unali kudukiza, ndipo galimoto inali kugwera m'giya yoyamba mwadzidzidzi ili paulendo. Nkhaniyi ikuonetsa kuti kacipangizo kakang'ono ka magetsi kangabweretse ngozi pamsewu, ndiponso kuti mankhwala ake si nthawi zonse kugula giyabokosi ina.

Zizindikiro zofunika kuzidziwa

Cizindikiro coyamba ndi kucedwa kugwira giya. Woyendetsa akaika pa D kapena pa R, galimoto imakhala kaye masekondi angapo isanagwire, makamaka m'mawa. Kawirikawiri izi zimasonyeza kucepa kwa mafuta, sefa yotsekeka kapena mphira zotha.

Caciwiri ndi kuterereka. Injini imalira kwambiri koma liwiro silikwera, makamaka pacitunda. Apa timbale ta kilachi tayamba kutha, ndipo kilomita iriyonse yoonjezera ikukulitsa bvutolo.

Cacitatu ndi kunjenjemera pamsewu wosalala, ngati kuti matayala akuponda malata, nthawi zambiri pa liwiro la pakati. Gwero lake limakhala kilachi ya mu torque converter kapena mafuta otha mphamvu.

Zina ndi kugunda posintha giya, kudontha kwa mafuta ofiira pansi pa galimoto, fungo la kupsa, ndi kukakamira pa giya imodzi nyale yocenjeza itayaka. Kukakamira kumeneku ndi njira imene kompyuta imatetezera giyabokosi, kuti woyendetsa angofika nayo pamalo okonzera.

Kupima musanagule kanthu

Makanika wodziwa nchito amayamba ndi kuona kuculuka, maonekedwe ndi fungo la mafuta. Galimoto zambiri zatsopano zilibe kamtengo koyezera mafuta a giyabokosi pansi pa boneti, motero muyezo umaonedwa kunsi kwa galimoto, mafuta atafika pa kutentha kumene buku la galimotoyo likunena.

Kenaka amalumikiza makina owerengera kompyuta. Nambala ya P0700 imangonena kuti kompyuta ya giyabokosi yapeza bvuto. P0720 imaloza ku sensa ya liwiro lotuluka, P0730 ku giya yosagwirizana ndi imene yalamulidwa, ndipo P0741 ku kilachi ya mu torque converter. Akatsegula mbale ya pansi, fumbi losalala pa maginito ndi lacibadwa, koma tizidutswa ta citsulo timasonyeza kuti mkati mwasweka.

Njira zimene mwini galimoto angasankhe

Njira yochipa koposa ndi kukonza cigawo cokhaco cimene cafa, monga sensa, solenoid, valve body, mphira yodontha kapena torque converter. Imathandiza ngati mafuta sanapse ndipo m'mbale mulibe zidutswa.

Njira yaciwiri ndi kuphwasula giyabokosi yonse ndi kuimanganso ndi timbale, mphira ndi sefa zatsopano. Ubwino wake ngwakuti giyabokosi imakhala yomweyo imene kompyuta ya galimoto ikuidziwa. Koma nchitoyi imafuna ukhondo, zida zoyezera ndi katswiri weniweni, pakuti kamcenga kamodzi kolowa mu valve body kangabweze bvuto lonse.

Njira yacitatu, imene ambiri amathamangira, ndi kugula giyabokosi yogwirapo kale nchito, yocotsedwa m'galimoto ya ngozi kapena yocokera kunja. Mtengo wake ngwotsikirapo ndipo imaikidwa msanga, koma mbiri yake siidziwika. Wogula ayerekeze nambala yolembedwa pa giyabokosi yakale ndi ya imene akugula, cifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi caka, injini, ndiponso ngati ndi 4x2 kapena 4x4. Aone mafuta a mkati, ndipo alandire risiti yochula masiku a citsimikizo. Malonda akasokonekera, risiti imeneyo ndiyo umboni wokadandaulira ku bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission, limene limagwira nchito motsatira lamulo la mu 2010.

Njira yacinai ndi giyabokosi yomangidwanso kufakitale kapena yatsopano yocokera kwa ogulitsa obvomerezeka. Ndi yodula koposa zonse, koma imabwera ndi citsimikizo cotalikirapo. Imayenerera galimoto imene injini ndi thupi lake zikali zolimba, ndiponso imene ikaima malonda amaima.

Ena amasankha kucotsa otomatiki ndi kuikamo giyabokosi yosintha ndi dzanja. M'galimoto zakale izi zimatheka, ngakhale zimafuna kilachi, zopondera, flywheel ndi zina. M'galimoto zatsopano n'zobvuta, cifukwa makompyuta a injini, mabuleki ndi giyabokosi amadalirana.

Zoyenera kucitika poika ina

Kaya mwasankha njira iti, cozizira mafuta ndi mapaipi ake ziyenera kutsukidwa kapena kusinthidwa, pakuti zinyalala za giyabokosi yakufa zimabisala mmenemo ndi kulowa mu yatsopano. Torque converter ya giyabokosi yosweka isabwezeredwepo. Galimoto zambiri zimafunanso kuti kompyuta ikonzedwe kuti izindikire giyabokosi imene yaikidwa. Koposa zonse, cimene cinapha yoyamba cipezeke. Ngati kunali kutentha cifukwa ca katundu, cozizira mafuta coonjezera cimathandiza.

Kupewa

Amakanika ambiri amalangiza kusintha mafuta ndi sefa pa makilomita 60,000 mpaka 80,000 ngati galimoto imanyamula katundu wolemera kapena kuyenda m'misewu ya fumbi. Pokwera ndi potsika citunda ndi katundu, woyendetsa asankhe giya yotsika kuti giyabokosi isamangosinthasintha. Aime kotheratu asanacoke pa D kupita pa R, ndipo poimika pamalo otsetsereka akoke handibuleki asanaike pa P.

Galimoto ya otomatiki siilizidwa mwa kukankha. Ikafa pamsewu isakokedwe mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi, cifukwa injini ikazima pampu ya mafuta imaimanso, ndipo zitsulo zimazungulira zouma. Inyamulidwe pa lole, kapena propshaft imasulidwe.

Mwini vaneti amene waona kucedwa kugwira giya, kuterereka kapena fungo la kupsa asapitirize kunyamula katundu. Apite kukapimitsa mafuta ndi kompyuta sabata yomweyo, pamene bvuto likali la sensa, sefa kapena mafuta.