Chigawo chachitatu cha Colorado ku America

Chigawochi chili kumadzulo ndi kumwera kwa Colorado, dera la mapiri komwe kuli alimi ndi oweta ng'ombe ambiri. Chimasankha phungu mmodzi wa ku Congress zaka 2 zilizonse, ndipo chipani cha Republican chakhala chikupambana kumeneko kuyambira mu 2010.

Mu 2022 mpandowu udatsala pang'ono kuchoka m'manja mwa chipanichi. Mayi Lauren Boebert a Republican adaposa a Adam Frisch a Democrat ndi mavoti 546 okha pa mavoti oposa 327,000. Malamulo a Colorado amati kusiyana kukachepa chotere mavoti awerengedwenso. Adawerengedwanso, koma wopambana sadasinthe.

Mu 2024 mayi Boebert adakaimira chigawo chachinayi. A Frisch adayesanso, koma adagonja kwa a Jeff Hurd a Republican.