Mawu a anthu ojambula malo ali panja

Munthu amene amasenza penti, maburashi ndi chinsalu n'kukakhala m'mbali mwa mtsinje kuti ajambule zimene akuona amalimbana ndi dzuwa, chifukwa silidikira munthu. Mthunzi wa mtengo umasuntha, mitambo imasintha maonekedwe, madzi amene amanyezimira m'mawa amathima pofika masana. N'chifukwa chake mawu ambiri a luso limeneli, ukawasenda bwino, umapeza kuti akukamba za nthawi.

Dzina la ntchito yonseyi ndi plein air, mawu a Chifalansa onena za kukhala pamtetete, popeza ndi ku France kumene kajambulidwe kameneka kanakhwimira m'zaka za m'ma 1800. Kale ojambula ankasiyanitsa zinthu ziwiri. Panali étude, kachithunzi kophunzirirapo kojambulidwa mofulumira kutchire, ndipo panali tableau, chithunzi chachikulu chomalizidwa mosamala m'nyumba. Étude sinkagulitsidwa kapena kuonetsedwa pagulu. Mwini wake ankaisunga kuti izimukumbutsa zimene anaona. M'buku limene anatulutsa mu 1800, Pierre-Henri de Valenciennes analangiza ophunzira kuti étude isapitirire maola awiri, ndipo ngati akujambula dzuwa likutuluka kapena likulowa, theka la ola lokha. Ku England, John Constable anatha miyezi yambiri mu 1821 ndi 1822 akujambula mitambo ku Hampstead, ndipo kuseri kwa pepala ankalembako tsiku, ola ndi kumene mphepo inkachokera.

Kuti anthu achuluke panja panafunika zipangizo zonyamulika. Penti wamafuta ankasungidwa m'zikhodzodzo za nkhumba. Wojambula ankaboola chikhodzodzo, kufinya pang'ono, kenako n'kutseka, koma penti ankauma msanga ndipo nthawi zina chikhodzodzo chinkaphulika. Mu 1841 John Goffe Rand, wa ku America amene ankakhala ku London, analembetsa chubu chachitsulo chofewa chimene munthu amangofinya. Easel, choimikapo chinsalu cha miyendo itatu, inayamba kupangidwa yopindika. Panabweranso kabokosi ka pochade, kamene chivundikiro chake chimagwira kathabwa kojambulapo pomwe m'kati muli penti ndi palette, thabwa losakanizirapo mitundu. Sitima zapamtunda zinafupikitsa ulendo wochoka ku Paris. Théodore Rousseau ndi Jean-François Millet anakhazikika m'mudzi wa Barbizon, m'mphepete mwa nkhalango ya Fontainebleau, pamene Charles-François Daubigny mu 1857 anasandutsa boti kukhala chipinda chogwiriramo ntchito n'kumayandama nalo pamtsinje wa Oise.

Mawu awiri amene ali pamtima pa lusoli ndi motif ndi effet. Motif ndi chimene wojambula wasankha kuyang'ana: mlatho, thanthwe, mzere wa mitengo. Chimenecho sichichoka. Effet ndi mmene kuwala ndi nyengo zachikutira pa ola limenelo, ndipo imatha pakangopita mphindi zochepa. Claude Monet anaonetsa kusiyana kumeneku pa milu ya tirigu imene inali pafupi ndi nyumba yake ku Giverny mu 1890 ndi 1891. Ankatenga zinsalu zingapo, kuwala kukasintha n'kusiya china n'kutenga china. Mu Meyi 1891 anaonetsa 15 mwa zithunzizo pamodzi ku Paris. Milu inali yomweyo, koma wina unali wa m'chipale, wina wa m'nkhungu ya m'mawa, wina wa dzuwa litapendeka.

Liwiro lotere limafuna kapentedwe kake. Alla prima, mawu a Chitaliyana, ndi kupaka penti wamuwisi pamwamba pa wamuwisi mnzake n'kumaliza ulendo umodzi, osadikira kuti woyamba aume. Ndipo asanaganize za mitundu, wojambula amayamba wayeza valeur, kutanthauza kuwala kapena kuda kwa chinthu poyerekeza ndi choyandikana nacho. Ukaona wojambula akutsinzina pang'ono, akuchita zimenezi: masamba ndi timiyala zimasowa, pamatsala zigamba zikuluzikulu zowala ndi zakuda. Akazikhazika bwino zigambazo, amalemba msanga pamene pali mithunzi ndipo saisunthanso ngakhale dzuwa liyende. Ophunzira ambiri amaononga chithunzi pothamangitsa mthunzi, mpaka m'mawa ndi madzulo zimasakanikirana pachinsalu chimodzi. Panja m'pamenenso ojambula anatsimikiza kuti mthunzi si wakuda bii, umatenga buluu wa kuthambo ndi mitundu ya zinthu zoyandikira.

Palinso lamulo la mtunda limene Leonardo da Vinci analifotokoza kalekale: chinthu chikatalikira chimatuwa, chimayamba buluu, m'mbali mwake simuonekanso bwino, chifukwa pakati pa diso ndi icho pali mpweya, fumbi ndi chinyezi. Aliyense amene waonapo phiri la Mulanje ali kutali mwezi wa Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire utadzaza mlengalenga, akulidziwa lamuloli. Wojambula akapaka phiri lakutali mtundu wobiriwira umene akudziwa kuti lili nawo, phirilo limadumphira kutsogolo kwa chithunzi.

Ntchitoyi ili ndi zokhoma zake. Pa chithunzi chimene Monet anajambula pagombe la Trouville mu 1870, mchenga umene mphepo inauluzira udakamatirirabe mu penti. Ku Arles mu 1888, Vincent van Gogh ankakhomerera miyendo ya easel pansi ndi zikhomo kuti mphepo ya mistral isaigwetse. Mu Novembala 1885 ku Étretat, Monet sanawerenge bwino nthawi imene nyanja imadzaza. Funde linamukankhira kuthanthwe, linakokolola chinsalu ndi easel, palette n'kumumenya kumaso mpaka ndevu zonse penti yekhayekha. Mu 1889 kuchigwa cha Creuse, mtengo umene ankaujambula uli wopanda masamba unaphukira iye asanamalize, ndipo analipira mwini wake kuti anthu akwere n'kuthothola masambawo.

Mu 1874 Monet anaonetsa chithunzi cha doko la Le Havre m'mamawa, chotchedwa Impression, soleil levant. Mtolankhani Louis Leroy anachinyoza m'nyuzipepala ya Le Charivari kuti n'chosamaliza, ndipo pa chitonzo chimenecho panachokera dzina la gulu lonse, ma Impressionist. Chimene chinkamuwawa Leroy n'chakuti chinthu chooneka ngati étude chapachikidwa pakhoma ngati tableau. Monet ankakonzabe zithunzi zake zambiri atabwerera m'nyumba, koma kuyambira nthawi imeneyo ogula ndi oonera anayamba kuvomereza kuti chithunzi chojambulidwa mothamanga, mikwingwirima ya burashi ikuonekera, chingakhale ntchito yokwanira payokha.