Kuchepetsa thupi: chifukwa chake sikelo imachedwa kutsika

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi chifukwa cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri amati tensão, amayamba ndi mphamvu. Amadya masamba, amayenda m'mawa uliwonse. Pakatha miyezi iwiri, sikelo yatsika kilo imodzi yokha, ndipo ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti khama lawo lapita pachabe.

Kuchedwa kumeneku si matenda. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga mphamvu pafupifupi makalori 7,700, pamene munthu woyenda ndawala kwa ola lathunthu amawotcha makalori pafupifupi 300. N'chifukwa chake azaumoyo amati kutsika theka la kilo pa sabata n'kokwanira. Komanso thupi likamachepa limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu zochepa, choncho makilo oyamba amachoka msanga kuposa otsatira. Phindu silidikira kuti munthu afike powonda: wa makilo 90 akatsika makilo 5 okha, shuga ndi kuthamanga kwa magazi kawirikawiri zimayamba kusintha.

Vuto lalikulu limabisala m'zakudya zomwe anthu saziwerengera. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Ndiwo zamasamba zothira masupuni atatu zimaposa zomwe munthu wawotcha poyenda ola lija. Mbatata ya kachewere, yomwe Angónia ndi Tsangano amatchuka nayo, ndi yopepuka ikaphikidwa m'madzi, koma ikalowa pachiwaya n'kukhala tchipisi imamwa mafuta ambiri. Mtedza ndi chakudya chabwino, komabe magalamu 100 ali ndi makalori opitirira 550, ndipo wokazinga umatha m'manja munthu osazindikira. Chitini chimodzi cha zoziziritsa kukhosi chili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8. Tiyi wa shuga wambiri, thobwa lotsekemera, mowa wamasese ndi kachasu nazonso zimawonjezera, ngakhale sizikhutitsa.

Nsima siyofunika kuisiya. Chofunika ndi kuchuluka kwake: mitanda itatu yomwe imamuyenera mlimi pa nthawi yogalauza ndi kupalira imakhala yochuluka m'miyezi ya June ndi July, pomwe ntchito yakumunda yachepa, nkhokwe zadzaza ndipo maukwati ndi ziliza zachuluka. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera, ndipo nyemba, nandolo, soya ndi usipa zimathandiza kuti njala ichedwe kubwera.

Sikelo nayonso imasocheretsa. Kulemera kwa munthu kumasintha ndi kilo imodzi kapena ziwiri pa tsiku chifukwa cha madzi, mchere ndi chakudya cha m'mimba, ndipo amayi amasunga madzi ambiri akayandikira kusamba. Kudzipima lero pa sikelo ya ogula chimanga, mawa pa ya kuchipatala, n'kudzisokoneza. Ndi bwino kupima kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, pa sikelo yomweyo. Tepi ya telala yopima pamimba, molunjika mchombo, imaonetsa kusintha ngakhale sikelo itaima. Chiopsezo chimayamba kukula mimba ikapitirira masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS limalangiza mphindi 150 kapena kuposerapo za ntchito yolimbitsa thupi pa sabata. Kulima, kutunga madzi ndi kupalasa njinga zimawerengedwa. Kugona maola ochepa kumawonjezera njala.

Pali enanso amene thupi limawavuta chifukwa cha mankhwala. Jakisoni wolera wa miyezi itatu ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir amanenepetsa anthu ena. Amenewa asasiye mankhwala paokha, koma akafotokoze kwa namwino kapena dokotala, yemwe angathenso kuona ngati palibe vuto lina, monga la chithokomiro. Tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa m'misika nthawi zambiri amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chotuluka ndi madzi, mafuta amatsala.

Kuwonda mofulumira munthu asanasinthe kadyedwe ndi nkhani ina. Kukabwera ndi chifuwa cha masabata awiri, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, munthuyo apite kuchipatala msanga akayezedwe TB, HIV ndi shuga.