Hauyani: pamene botolo linkaimba gitala

Aliyense amene waphunzira gitala zaka zino, kaya kukwaya ya ku Karonga boma kaya pa YouTube, amayambira pa zilembo zisanu ndi chimodzi: E, A, D, G, B, E. Amatsegula pulogalamu ya pafoni, n'kumakunga nsambo mpaka kachizindikiro kasanduke kobiriwira. Ikasiyana ndi zimenezi, timati gitala sinachunidwe. Koma agogo athu amene anayamba kugwira chida chimenechi m'dziko muno ambiri sankachuna choncho, ndipo sikuti ankalakwitsa.

Pali kachunidwe kena kamene Azungu amati open tuning. Nsambo zimakungidwa mwakuti ukazikhwacha zonse pamodzi, osagwira paliponse ndi dzanja lamanzere, zimatulutsa kale kodi yathunthu. Kotchuka kwambiri ndi ka G. Umafewetsa nsambo zitatu zokha: yachisanu ndi chimodzi, yonenepa ija, ichoke pa E ifike pa D, yachisanu ichoke pa A ifike pa G, yoyamba, yowonda kwambiri, ichoke pa E ifike pa D. Zimakhala D, G, D, G, B, D. Foni siifunika. Yonenepa uyimvere ku yachinayi mpaka zilankhule liwu limodzi, ina pansi ina pamwamba. Yachisanu uyimvere ku yachitatu. Yoyamba uyimverenso ku yachinayi. Ukatero, chala chimodzi chogonekedwa pa fureti yachisanu chimakupatsa C, pa yachisanu ndi chiwiri D, ndipo ndi makodi atatu amenewa nyimbo zambiri za kwathu zatheka.

Njirayi inayenda ulendo wautali isanatipeze. Ku zilumba za Hawaii anthu ankafewetsa nsambo motere kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo cha m'ma 1889 mnyamata wina wa sukulu, Joseph Kekuku, anayamba kugoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza kachitsulo pansambo. Chionetsero chachikulu cha ku San Francisco mu 1915 chinafalitsa kaimbidweka ku America konse. Oimba blues monga Robert Johnson ndi Muddy Waters ankaimba ndi khosi la botolo kapena kachitsulo pa kachunidwe kotseguka, ndipo Jimmie Rodgers, yemwe mbale zake za galamafoni zinagulidwa kwambiri kuno ku Africa, anajambula nyimbo zina ndi oimba gitala ya ku Hawaii.

Kwathu kuno dzinali linasanduka hauyani. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'ma 1950, anyamata a ku Nyasaland ankaimba gitala itagona pamiyendo, botolo lili kudzanja lamanzere, ndipo dzina limene latsala m'mbiri ndi la Ndiche Mwarare. Magitala ankabwera ndi asilikali a KAR obwerera kunkhondo mu 1945 ndiponso ndi matchona ochokera ku Salisbury, ku Joni ndi ku migodi ya kopa. Nyimbo zinkadza ndi mbale za galamafoni komanso wailesi ya ku Lusaka, makamaka atatulutsa kawailesi kotchipa ka Saucepan Special mu 1949. Anthu a ku Karonga anali ndi njira yawoyawo: m'zaka za m'ma 1930 ambiri ankaoloka Songwe kupita ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, ndipo mpaka lero khutu la ku Karonga limamva za ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam msanga kuposa za ku Blantyre.

Funso limene limandikopa ine ndi lakuti n'chifukwa chiyani kaimbidwe ka kuzilumba zakutali kanamera msanga chonchi kuno. Yankho losavuta ndi lakuti kanali kophweka, koyenera munthu wopanda mphunzitsi. Zili ndi choonadi chake, koma yankholi limapeputsa anthu. Onani bangwe, amene kumpoto kuno amatchedwa pango kapena bango: thabwa lokhala ndi nsambo zingapo, nthawi zambiri zisanu ndi ziwiri. Woimba mokhwacha amamenya nsambo zonse ndi dzanja lamanja, pamene zala zakumanzere zimagwira nsambo zimene sakufuna kuti zimveke. Palibe fureti. Nyimbo yonse yagona m'kachunidwe, ndipo mwini chida amachuna potsatira liwu lake ndi la kwawo. Munthu amene wakula akumva zimenezi akapatsidwa gitala, sangaone kuti kukunga nsambo ndi lamulo la kufakitale. Amaona kuti ndi chiyambi cha kupeka nyimbo. Botolo nalonso lili ndi ntchito imene fureti singathe: limafika pa mawu a pakatikati, amene sapezeka pa kiyibodi, ndipo limatha kukwera ndi kutsika monga mmene Chinkhonde, Chitumbuka kapena Chichewa chimayendera pakamwa. Ndiye ine ndimaona kuti hauyani inapeza mphasa yoyala kale.

Hauyani yeniyeni sinakhalitse. Pofika zaka za m'ma 1960 kwela ya ku South Africa ndi rumba ya ku Congo zinali zitatenga malo. Koma ufulu wochita ndi nsambo zimene ukufuna sunathe. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anaphunzira kuimba banja lawo lili ku Salisbury, ankaimba kawirikawiri gitala ya nsambo zisanu ndipo ankasintha kachunidwe malinga ndi nyimbo. Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana naye pamodzi ndi mng'ono wake Donald ku Blantyre mu 1967, ndipo mu 1972 abalewa anakaimba ku Ulaya. (Keith Richards wa Rolling Stones nayenso anachotsa nsambo imodzi n'kumaimba zisanu pa G yotseguka. Iyeyo mabuku amamutcha katswiri wotulukira zatsopano. Wa kwathu akachita zofanana, anzake a kukoleji amafunsa ngati nsambo inaduka.) Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001.

Lero botolo lija likadali moyo, kungoti linasamukira ku babatoni. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni yaitali ya nsambo imodzi, kamtengo kudzanja limodzi, botolo kudzanja linalo, ndipo makanema ake aonedwa ndi anthu ochuluka kunja. Madalitso Band yazungulira Ulaya ndi babatoni ndi gitala ya nsambo zinayi. Akunja amalipira matikiti kuti amve zimene ife timaziyesa za anthu osaphunzira nyimbo.

Chimene chimandiwawa ndi kumene mawu akalewo ali. Hugh Tracey anajambula nyimbo mu Nyasaland mu 1950 ndi 1958, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University mu mzinda wa Makhanda. Zambiri za Kubik zili ku Vienna. Ntchito yaikulu ya kuno kwathu ndi ya Moya Aliya Malamusi, amene anathera zaka zambiri akujambula ndi kusonkhanitsa zida ku Chileka. Ku Karonga tili ndi nyumba yosungira zakale imene inatsegulidwa mu 2004, mmene mwana wa sukulu amaona Malawisaurus, chinyama cha zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mwana yemweyo akafuna kumva mmene pango ankachunidwira zaka 70 zapitazo, njira yapafupi ndi intaneti ndi bandulo ya ndalama zake.

Sindikunena kuti titaye E, A, D, G, B, E. Woimba m'bandi kapena m'tchalitchi ayenera kugwirizana ndi kiyibodi ndi malipenga, ndipo oimba a ku Lusubilo ku Karonga aonetsa zimene maphunziro a manotsi angachite. Ndikungoti amene akuphunzitsa gitala aziphunzitsanso kuchuna ndi khutu, ndipo ife a m'makoleji amene tikusaka mitu ya kafukufuku tikumbukire kuti ku Chilumba, ku Kaporo ndi ku Nyungwe kuli akuluakulu amene anakula pango ndi magitala a matchona zikulira m'midzi yawo. Foni yomwe timachunira gitala ija imajambulanso mawu. Mukampeza woimba wotere, mupempheni ayambe wakhwacha nsambo imodziimodzi osagwira, mulembe mmene wachunira, kenako aimbe.