Imfa ya mtengambali m'masewero a nthano a patebulo

M'masewero a nthano a patebulo, anthu angapo amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala lofotokoza mtengambali wake: dzina, mbiri, luso ndi zida zake. Mmodzi mwa iwo amatsogolera nthano, ndipo pakagwa nkhondo kapena zoopsa zina, madayisi ndiwo amagamula. Otchuka kwambiri mwa masewerowa ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America m'chaka cha 1974. Nthano imodzi imatha kutenga miyezi kapena zaka, osewera akukumana sabata ndi sabata. N'chifukwa chake mtengambali akafa, mwini wake amawawidwa mtima zenizeni, ngakhale akudziwa kuti wakufayo adali wa papepala chabe.

Momwe imfa imadzera

M'malamulo a Dungeons & Dragons a m'chaka cha 2014, mtengambali amakomoka mphamvu zake za moyo zikatha. Nthawi yake yosewera ikakwana, mwini wake amaponya dayisi ya mbali 20. Nambala 10 kapena yoposa apo ndi mwayi, yochepera apo ndi tsoka. Mwayi ukagwa katatu, wokomokayo wapulumuka. Tsoka likagwa katatu, wamwalira. Nambala 1 imawerengedwa ngati tsoka kawiri, pomwe 20 imamudzutsa pomwepo. Dongosololi limapatsa anzake mpata womuthandiza, komanso limakonzekeretsa mtima wa mwiniyo imfa isanafike.

Malamulo omwewo amalola kuukitsa wakufa, koma pamtengo. Matsenga otchedwa Revivify amagwira ntchito pokhapokha pasanathe mphindi imodzi chimwalirireni, ndipo amafuna miyala ya dayamondi ya ndalama zagolide 300 za m'nthanomo. Raise Dead amafika masiku 10 ndipo amafuna dayamondi ya 500. Motero imfa ya mmodzi imasanduka ntchito ya gulu lonse: kusonkha chuma, kunyamula mtembo ndi kufunafuna wansembe wodziwa matsengawo.

Masewero ena adasankha njira zina. Mu Paranoia, a m'chaka cha 1984, mtengambali amakhala ndi matupi 6 ofanana, kotero kuti imfa imabweretsa phwete osati misozi. Mu Dungeon Crawl Classics, a mu 2012, wosewera amayamba ndi anthu wamba angapo, ambiri amafera m'njira, ndipo wotsalayo ndiye amakhala ngwazi yake.

Zomwe osewera amachita

Magulu ambiri amalola wosewera kunena mawu omaliza a mtengambali wake. Kenako amachita mwambo wa maliro m'nthano momwemo, aliyense n'kukumbukira zomwe adachitira limodzi ndi malemuyo. Ena amasunga pepala lake ngati chikumbutso. Ena amapanga mtengambali watsopano yemwe ndi m'bale kapena wophunzira wa wakufayo, kuti apitirize ntchito yomwe idatsala.

Chitsanzo chodziwika chidachitika mu 2018 pa pulogalamu ya pa intaneti ya Critical Role, pomwe Mollymauk Tealeaf, mtengambali wa Taliesin Jaffe, adaphedwa pankhondo. Anzake adamuika m'manda, ndipo Jaffe adabwereranso ndi mtengambali wina, Caduceus Clay, wosamalira manda. Imfayo idapitiriza kukhudza nthanoyo mpaka kumapeto kwake mu 2021.

Kumvana masewero asanayambe

Chomwe chimadanitsa abwenzi nthawi zambiri ndi imfa yooneka ngati yokondera, kapena yogwa popanda chenjezo. Pachifukwachi magulu ambiri amachita mkumano wokonzekera nthano isanayambe, n'kumvana ngati atengambali angathe kufa ndiponso ngati kuukitsa n'kololedwa. Ena amagwirizana kuti wogonja azigwidwa ukapolo, kuvulala kapena kutaya chuma m'malo mofa. Ena amakana zimenezo, ponena kuti kupambana kulibe tanthauzo ngati palibe chomwe chingatayike.

Wotsogolera wanzeru amayamba waimitsa masewero pang'ono, n'kufunsa mwini mtengambaliyo zomwe akufuna, ndipo amaonetsetsa kuti asakhale nthawi yaitali akungoonerera anzake akusewera.