Mbiri ya a Maya, a Aztec ndi Amaravi: tikaifune kuti?

Mu 1562, wansembe wa ku Spain, Diego de Landa, anatentha mabuku a anthu a mtundu wa Maya m'tauni ya Maní. Lero atsala anayi okha, ndipo atatu ali ku Dresden, Madrid ndi Paris. Zambiri za a Aztec timazidziwa kudzera mu Florentine Codex, imene Bernardino de Sahagún analemba pamodzi ndi akuluakulu olankhula Nahuatl, mzinda wa Tenochtitlan utagwa kale mu 1521. Choncho wowerenga aliyense ayenera kufunsa kuti: analemba ndani, ndipo ankafunanji?

Funso lomweli likutikhudza ife a kuno kunyanja. Kummwera kwa Chipoka, kufupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga. Magwero a mbiri yake alipo atatu, ndipo lililonse lili ndi pofooka pake.

Loyamba ndi zolemba za Apwitikizi, monga nkhani ya ulendo wa Gaspar Bocarro, amene anachoka ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616 nakumana ndi mfumu Muzura. Zolembazi zimatipatsa zaka, koma maso a olembawo anali pa malonda ndi njira, osati pa moyo wa m'mudzi.

Lachiwiri ndi mbiri yapakamwa, imene Samuel Josia Ntara anasonkhanitsa m'buku la Mbiri ya Achewa. Muli mafuko, maulendo ndi mayina a mafumu, komabe wofotokoza aliyense amakometsa mbumba yake.

Lachitatu ndi nthaka. Yusuf Juwayeyi atafukula ku Mankhamba anapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni woti Amaravi ankagulana ndi anthu a kunyanja ya mchere. Koma phale silinena dzina la mwini wake.

Mutu umodzi susenza denga. Ku Mexico akatswiri amayerekeza mabuku akale ndi zimene zikufukulidwa pa Templo Mayor kuyambira 1978. Ifenso tiwerenge Ntara pambali pa Juwayeyi, tikaone zojambula za pamiyala ku Chongoni ndi zosungidwa ku Kungoni, ku Mua.

Changu chikufunika. Agogo odziwa mayina a mafumu akutha, ndipo mapale akuphwanyika pansi pa khasu ndi m'maenje oumbiramo njerwa. A Maya anawatenthera mabuku ndi alendo. Athuwa tikhoza kuwataya tokha, foni yojambulira mawu ili m'thumba.