Mankhwala a Matenda Ovutika Maganizo ndi Chiopsezo cha Kudzipha

Mankhwala a gulu la SSRI, monga fluoxetine (Prozac) ndi paroxetine, amaperekedwa kwa odwala matenda ovutika maganizo. M'chaka cha 2003 dziko la Britain linachenjeza madokotala kuti asamapereke paroxetine kwa ana osakwana zaka 18. Mu 2004 bungwe la FDA la ku America linaunika kafukufuku 24 wokhudza ana oposa 4,400. Linapeza kuti ana 4 pa 100 aliwonse omwa mankhwalawa ndi ena a matenda ovutika maganizo ankaganiza kapena kuyesa kudzipha, pomwe mwa omwa mapiritsi opanda mankhwala anali 2. Palibe mwana amene anadziphadi. Chenjezo linalembedwa pa mapaketi, ndipo mu 2007 linafikira achinyamata a zaka mpaka 24. Kwa okalamba opitirira zaka 65 chiopsezocho chimatsika.

Nthawi yovuta ndi masabata oyambirira, kapena dokotala akasintha mlingo. Wodwala wina amasowa mtendere m'thupi: sakhazikika pampando, amangozungulirazungulira m'nyumba, tulo osabwera. Apa achibale ayenera kukhala tcheru ndi kudziwitsa dokotala msanga, osati kumusiyitsa mankhwala mwadzidzidzi.

Za kuti mankhwalawa angachititsenso chiwawa, umboni wake ngwochepa. Kafukufuku wa ku Sweden wa 2015 anapeza kugwirizana pakati pa SSRI ndi milandu ya chiwawa mwa a zaka 15 mpaka 24, koma sanatsimikize kuti gwero lake ndi mankhwalawo, poti matendawo pawokha amasokonezanso khalidwe.